Zaka zisanu ndikungodutsa pakhomo pa laibulale

Ndimakhala ku Kauma, ndipo kuyambira 2017 ndakhala ndikugwira ntchito yokolopa mu ofesi ina ku City Centre. Amene amaidziwa njira yathu akudziwa kuti ife a ku Kauma timalawirira wapansi kukadali chisisira, n'kudutsa m'mphepete mwa mipanda ya ku Area 12 agalu akuuwa mkati, mpaka kukatulukira kumaofesi. Pofika 6 koloko ndimakhala ndagwira kale mopu. Nyumba ya National Library Service ndinkaiona pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa akandituma kukagula chakudya cha masana kapena kukasiya kalata ndinkadutsa pomwepo. Chikwangwani ndinkachiwerenga, anthu olowa ndi otuluka ndinkawaona, koma mumtima mwanga nyumbayo inali gulu limodzi ndi mabanki ndi maofesi a akazembe, malo amene munthu ngati ine amalowamo pokhapokha wanyamula ndowa ndi chikolopa. Zaka zisanu zinatha choncho.

Sukulu ndinasiyira Fomu 3 mu 2008, bambo atamwalira. Fizi inasowa, ndinabwera m'tauni kwa azakhali, kenako banja, kenako ana awiri. Satifiketi ya JCE inkangogona pansi pa sutikesi limodzi ndi makadi a sikelo a ana. Chimene chinandidzutsa chinali cha kuntchito. Kumayambiriro kwa 2022 kunapezeka malo a munthu wothandiza kusunga mafayilo. Ntchitoyo ndinkaidziwa, chifukwa mafayilo omwewo ndinkawapukuta fumbi ndi kuwanyamula tsiku ndi tsiku. Mayi wina wa mu ofesimo, amene amandikonda, anandiitanira pambali n'kundiuza motsitsa mawu kuti, “Achemwali, mukanakhala ndi pepala la Fomu 4 ndikanakunenererani. Popanda pepala manja anga ndi omangika.” Sanandinyoze ayi, ananena zoona. Koma tsiku limenelo ndinalowa m'chipinda chosungira zokolopera, n'kutseka chitseko, n'kulira.

Ndinalembetsa sukulu ya masana, ija amati open, pa sekondale ina. Aphunzitsi ankayesetsa, koma m'kalasi tinali gulu, nthawi inali yochepa, ndipo mabuku kunena zoona ndinalibe ndi limodzi lomwe. Ndinkakopera manotsi pa bolodi ngati mmene mwana amajambulira chithunzi, osamva chimene ndikulemba. Kunyumba ndiye kunali kovuta kwambiri. Timachita lendi zipinda ziwiri, kuseri kuli malo omwera mowa amene wailesi yake sigona, ndipo ndikamaliza kuphika, kutsuka mbale ndi kugoneka ana, maso amakhala atalemera kale. Ndinkayatsa tochi ya foni n'kutsegula kope pa mphasa, koma kawirikawiri ndinkadzidzimuka pakati pa usiku kope lili pachifuwa, foni itazima.

Amene anandilozera khomo anali alonda a pa ofesi pathu, bambo achikulire a ku Mchinji amene panopa anapuma n'kubwerera kumudzi. Anandipeza nthawi ya nkhomaliro nditakhala pa chidebe kuseri kwa ofesi, kope lili pa mwendo, dzuwa likundiwomba. Anati, “Mwana wanga, bwanji ukuzunzika chonchi pomwe mipando ili apo ikungodikira anthu?” Nditawafunsa kuti mipando yake iti, analoza ku laibulale. Ndinaseka, n'kuwauza kuti kumeneko n'kwa ophunzira. Iwo sanaseke. Anati, “Ine ndinalekezera Sitandade 7, koma ndikaweruka ntchito ya usiku ndimayamba ndakawerenga nyuzi mmenemo ndisanapite kukagona. Salowera tayi mmene muja. Ndi mwa boma, ndiye kuti ndi mwako.”

Mawu akuti ndi mwako aja anandikhala. Pambuyo pake ndinadzamva kuti bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1967 ndipo linayamba ntchito mu 1968, likulu la dziko lisanasamuke n'komwe kuchoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Ndiye kuti bambo anga ali mnyamata, ntchito yobwereketsa mabuku kwa Amalawi inalipo kale. Ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Zomba ndi m'maboma ena, ndipo imatumizanso mabuku kusukulu ndi kumalo owerengera a kumidzi. Koma pa anzanga onse amene timayenda nawo m'mawa kuchokera ku Kauma, palibe ndi mmodzi yemwe anali atalowamo. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, chifukwa palibe amene anatiletsa. Tinadziletsa tokha.

Tsiku loyamba ndinalowa nditavala yunifomu ya kuntchito, chitenje pamwamba, manja akununkha sopo wokolopera. Pakhomo anandiuza kuti ndisiye chikwama, nditenge kope ndi cholembera basi. Mtima unkagunda ngati ndaba. Pa kauntala panali mayi wina wovala magalasi, amene anadzutsa mutu n'kunena kuti, “Takulandirani mayi, tikuthandizeni?” Pakamwa panga panatuluka bodza ndisanaganize n'komwe. Ndinati ndikufunira mwana wanga buku la Biology. Anandifunsa kuti mwanayo ali Fomu chani, ine ndinati Fomu 3. Sanafunsenso china. Anadzuka, n'kunditsogolera pakati pa mashelefu, n'kundisolorera mabuku awiri, n'kundilozera tebulo la pafupi ndi windo. “Khalani apa muyambe mwaona ngati angamuthandize mwanayo,” anatero.

Ndinakhala pansi. Mwina kwa ena zimveka zazing'ono, koma aka kanali koyamba pa zaka zonse zija kukhala pa mpando, patebulo, m'nyumba ya ku City Centre, m'manja mulibe nsanza yopukutira. Maso anga mwachizolowezi anayamba kuyang'ana pansi pa matebulo ndi m'makona a mawindo, kufuna poti ndikolope. Ndinachita kudzikumbutsa kuti lero sindinabwerere zimenezo. Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinali bata. Anthu odzaza chipinda, koma chomveka ndi mapepala akutembenuzidwa, mpando kukhuluka pang'ono, wina kutsokomola n'kudzigwira pakamwa. Ine ndinakulira m'phokoso ndipo ndimakhala m'phokoso, moti sindinkadziwa kuti mutu wanga ungathe kugwira chinthu msanga chotero pakakhala zii. Pa mphindi 40 zimene ndinali nazo ndinawerenga za mtima wa munthu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsa kuti uli ndi zipinda zinayi, kuti mbali ya kumanja imatumiza magazi kumapapo kukatenga mpweya wabwino pomwe ya kumanzere imawapopera thupi lonse. Zimenezi ndinali nditazikopera kale m'kope sabata ziwiri m'mbuyomo, koma zinali zilembo chabe. Chithunzi cha m'bukumo, chofiira uku chabuluu uku, ndi chimene chinanditsegula mutu.

Ulendo wachitatu ndinalephera kupirira nalo bodza lija. Ndinawauza mayi aja kuti mwana amene ndimanena uja ndine ndemwe. Anamwetulira n'kunena kuti, “Ndinadziwa tsiku lomwe lija, mayi. Wofunira mwana buku sawerenga akugwedeza milomo chomwe chija.” Kenako anandilozera ndi maso bambo wina wa imvi amene anawerama pa buku la masamu pakona, n'kundiuza kuti akuluakulu obwerera kusukulu amabwera ambiri, ndipo ambiri amayamba ndi mawu omwewo a mwana wanga. Tsiku limenelo ndi limene ndinalembetsa umembala. Ndinaonetsa chiphaso changa cha unzika, ndinadzaza fomu, ndinalipira kandalama kochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa buku limodzi la sekondale m'sitolo. Ndalamayi imasintha ndi nthawi, choncho mukafika ingofunsani pa kauntala kuti umembala uli pa zingati ndiponso mubweretse chiyani, akakuuzani bwinobwino. Kuyambira pamenepo ndinayamba kutenga mabuku kupita nawo kunyumba. Tsiku lobweza amakuuzani, ndipo ngati simunamalize mumabwera nalo bukulo kuti akuwonjezereni masiku.

Pali zinthu ziwiri zimene mayi aja anandiphunzitsa zomwe ndikufuna aliyense wowerenga izi azidziwe, chifukwa ine palibe mphunzitsi anandiuzapo kusukulu konse kumene ndinapita.

Choyamba ndi manambala a pamsana pa buku. Ndinkayesa kuti ndi mitengo kapena manambala a ofesi. Ayi, ndi adiresi ya bukulo. Njira yake anaiyambitsa munthu wina wa ku America dzina lake Melvil Dewey mu 1876, ndipo imagawa nzeru zonse m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 999. Za sayansi zili m'ma 500: masamu pa 510, Physics pa 530, Chemistry pa 540, Biology pa 570. Za ulimi zili pa 630, chilankhulo cha Chingerezi pa 420, Geography pa 910, mbiri ya mayiko m'ma 900 momwemo. Ndinawalemba manambalawa mkati mwa chikuto cha kope langa. Pasanathe mwezi ndinali nditasiya kuzungulira ngati nkhuku yosowa poikira, ndinkangolunjika pa shelefu yanga. Ubwino wake wina ndi wakuti ukapeza kuti buku limene umafuna wina watenga, oyandikana nalo pa nambala yomweyo amakamba nkhani yomweyo. Nthawi zambiri buku lakale, la chikuto chothetheka, limene aliyense ankalidumpha, ndi limene linkafotokoza mwachidule ndi momveka kuposa latsopano lolimbiranidwa lija.

Chachiwiri ndi masamba a kumapeto kwa buku, aja amati index. Ine ndinkatsegula buku kuyambira tsamba loyamba n'kumapita, kufunafuna mutu umodzi mpaka nthawi ya nkhomaliro kutha. Mayi aja anandiona tsiku lina, anabwera mwakachetechete, n'kutembenuza bukulo kumapeto. Mawu onse ofunika ali pamenepo motsatira alifabeti, lililonse ndi nambala ya tsamba lake. Ndinafuna photosynthesis, ndinaipeza pa kamphindi. Ndinachita manyazi kuti chinthu chapafupi chonchi sindinkachidziwa ndili mayi wa ana awiri, koma iwo anangoti, “Safunsa anadya phula, mayi. Ife ntchito yathu ndi yomweyi, muzitifunsa.” Ndipo ndi zoona. Anthu ambiri amalowa, kuzungulira, kutuluka osapeza kanthu, pomwe munthu amene anaphunzira ntchito yopeza mabuku wakhala pomwepo.

Mabuku ena satuluka. Madikishonale, mabuku a mapu ndi ena akuluakulu amawerengedwa momwemo. Poyamba zinkandidandaulitsa, koma ndinadzaona nzeru yake, chifukwa tsiku lililonse ndikafuna dikishonale ndinkaipeza. Chingerezi changa chinali chofooka kwambiri, ndipo aliyense wolemba MSCE akudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale maphunziro enawo utakhoza bwanji. Pamafunika kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale credit, kapena maphunziro asanu kuphatikizapo Chingerezi, atatu akhale ma credit. Ndiye ndinapangana ndi mtima wanga kuti tsiku lililonse ndiziwerenga nkhani imodzi ya mu The Nation kapena The Daily Times, n'kutolamo mawu asanu achilendo, n'kuwafufuza. Nyuzi zimenezi ine sindikanatha kugula tsiku ndi tsiku. Pamalo owerengera nyuzipo mumakumana anthu a mitundu yonse: achinyamata okopera malonda a ntchito m'makope, madala opuma pantchito otsata ndale, ndi alonda anga aja, chipewa chili pa bondo, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse.

Masamu ndiwo anandiliza. Buku lokha silinandikwanire. Tsiku lina Loweruka ndinakhala ola lathunthu pa samu imodzi ya simultaneous equations, kufufuta mpaka pepala kubooka. Mnyamata amene anakhala moyang'anana nane, wa pa koleji ina ya zowerengera ndalama, analemba pa kapepala kuti, “Aunt, tiyeni panja ndikuonetseni,” n'kukakankhira kwa ine. Mkati simuyankhulidwa, ndiye tinatuluka n'kukakhala pamthunzi. Anandionetsa kuti ukachulukitsa mzere umodzi kuti zilembo zifanane, chilembo chimodzi chimafa, n'kutsala ndi chimodzi chosavuta. Anabwereza katatu osatopa. Kuchokera tsiku limenelo pamthunzi paja panasanduka kalasi yathu. Tinkakumanapo anthu anayi kapena asanu, bambo a imvi aja, atsikana awiri obwereza Fomu 4, ine, ndi mnyamatayo akapezeka. Gulu limeneli silinalembedwe pa chikwangwani chilichonse, koma popanda laibulale sitikanakumana. Ngati mukuwerenga nokha ndipo mwakakamira, yang'anani amene ali patebulo lanu. Ambiri ndi ofuna kuthandiza, amangoopa kuyamba.

Kunyumba nkhaniyi poyamba sinalandiridwe bwino. Bambo a ana anga amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndipo ankaona ngati Loweruka ndikuthawa ntchito za pakhomo. Ankati sukulu ya kuukulu ingotithera sopo. Sindinakangane nawo. Chimene chinasintha zinthu ndi nkhuku. Tinkaweta nkhuku zachikuda zochepa kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chilichonse ikafika nyengo yotentha chitopa chinkasesa khola lonse. Ndinapita pa 636, pomwe pali za ziweto, n'kubwereka buku la nkhuku. Madzulo ndinkawawerengera n'kumamasulira m'Chichewa. Mmenemo ndi mmene tinamvera kuti chitopa chilibe mankhwala ochiza, kuti zothira m'madzi zimene tinkapanga nkhuku zitadwala kale kunali kutaya nthawi, ndipo chofunika ndi katemera nkhuku zisanadwale, wobwereza pakapita miyezi ingapo. Anakafunsa kwa alangizi a ziweto, ndipo anawauza chimodzimodzi, n'kuwaonetsa katemera wodonthezera dontho limodzi m'diso. Chaka chimenecho khola silinathe. Kuyambira pamenepo Loweruka m'mawa ankatikweza pa njinga, ine ndi ana, kukatitula pakhomo pa laibulale asanayambe kunyamula makasitomala.

Za ana ndiye ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi zimene sindinaziyembekezere. Ndinkawatenga poyamba chifukwa chosowa wowasiyira. Wamkulu, mtsikana, anali Sitandade 5, ndipo ndinkadziwa kuti kuwerenga kumamuvuta, koma kukula kwa vutolo sindinkakudziwa. Ku chigawo cha ana kuli mabuku a zithunzi, ena a Chichewa, ena a Chingerezi. Ena amasindikiza eni ake a laibulale pansi pa dzina lakuti Werengani, ena ndi mphatso zochokera ku Britain kudzera ku bungwe la Book Aid International. Ndinamusankhira buku loyenera kalasi yake, iye n'kulitsegula, n'kungoliyang'ana. Nditamuuza kuti awerenge mokweza pang'ono, anayamba kugwetsa misozi. M'kalasi mwawo anali ana oposa 100, ndipo anaphunzira kubisala kumbuyo, kutsegula pakamwa anzake akamawerenga pamodzi, osatulutsa mawu. Ine mayi wake ndinali ndisanazindikire.

Amene amayang'anira ana anandilangiza kuti ndisamusankhire. Anati ndimusiye atenge chimene akufuna, ngakhale likhale buku la ana a Sitandade 2, ndipo ndisamuseke kapena kumukalipira. Anatenga kabuku ka Chichewa ka zilembo zikuluzikulu, mzere umodzi pa tsamba. Anakamaliza yekha. Ndinaona nkhope yake potseka tsamba lomaliza, anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wina amuone. Sabata yotsatira anatenga awiri. Pang'onopang'ono anayamba a Chingerezi osavuta, ndipo pofika kumapeto kwa chaka ankawerengera mlongo wake wamng'ono madzulo, kusintha mawu kuti amveke ngati fisi kapena kalulu. Makolo anzanga, mwana amene akulephera kuwerenga musamuyambitse ndi buku lolimba poganiza kuti ndiye aphunzira msanga. Muyambitseni ndi limene angalimalize, m'chilankhulo chimene amalota nacho.

Pa masiku amene tinkapita Loweruka kunkakhalanso nthano za ana. Bungweli, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya kuno ku Malawi, linayenda m'maboma kujambula nthano kwa agogo kuti zisafe nawo limodzi, ndipo zina mwa nthano zimenezo ndi zimene ankafotokozera ana. Tsiku loyamba ndinasiya masamu anga n'kukasuzumira. Wofotokozayo atangoti “Padangotero,” ana onse anayankha kuti “Tili tonse!” kupatula anga awiri, amene anangoyang'ana anzawo modabwa. Mtima unandiwawa. Ine ndinakula ndi nthano za agogo anga pamoto nthawi yokolola itatha, koma ana anga obadwira m'tauni sindinawafotokozerepo ndi imodzi yomwe. Ndinkafika kunyumba nditatopa, iwo n'kumakaonera mafilimu kwa aneba. Usiku umenewo magetsi a kuseri atazima, wailesi ija itakhala chete, ndinawafotokozera nthano ya kalulu ndi chitsime mmene ndinkaikumbukira, ndi nyimbo yake yomwe. Wamng'onoyo anagona ndisanafike poti kaphuleni mbatata.

Pali cholakwa changa chimene ndiyenera kuchinena, chifukwa ndikudziwa kuti chinathawitsa anthu ambiri. Mu January 2023, nthawi ija sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndinabwereka buku la Geography kuti ndiziwerenga kunyumba. Pobwerera ku Kauma mvula inandipeza panjira, yamphamvu, yopanda pousa. Bukulo linali m'chikwama cha nsalu. Pofika kunyumba linali litamwa madzi ngati chinkhupule. Mwamantha ndinaliyanika pafupi ndi mbaula, ndipo masamba anakwinyika, ena anamatana, chikuto chinapindika. Tsiku lobweza linafika, ine osapita. Sabata inatha, yachiwiri, yachitatu. Ndinayamba kuzungulira njira ina potumidwa kuti mayi a magalasi aja asandione. Mayeso anali atatsala miyezi yochepa, ine n'kubwerera pa chidebe changa kuseri kwa ofesi.

Anali mwana wanga wamkazi amene anandifunsa kuti, “Amayi, kodi ku mabuku kuja tinalakwa chiyani?” Mawa lake ndinalikulunga bukulo n'kupita nalo. Ndinaliika pa kauntala n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. Mayi aja analitembenuza, n'kupuma mozama, n'kundiuza zoti ndilipire malinga ndi malamulo awo, za kuchedwa ndi za kuonongekako. Ndinalipira mwezi utatha. Koma mawu amene ananena ndi amene ndinawasunga: “Buku lonyowa timadziwa chochita nalo. Chimene chimatipweteka ndi munthu amene wasowa limodzi ndi buku.” Anandiphunzitsanso kuti buku likanyowa osaliika pamoto kapena padzuwa. Umaliimika chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, n'kulowetsa mapepala ouma pakati pa masamba, n'kumawasintha. Kuyambira tsiku limenelo buku la laibulale limayenda m'jumbo yokhuthala, dzinja ndi chilimwe chomwe. Ngati muli ndi buku la eni kunyumba limene munachedwa nalo, kaya ndi chaka chatha, kabwezeni. Manyazi ake ndi a mphindi zisanu, ndipo pali wina amene akulifuna.

Pamenepa ndinenenso za khalidwe lina limene limandikwiyitsa, la ife owerenga. Kangapo konse ndinatsegula buku n'kupeza kuti mutu umene ndikufuna wina anaudula ndi lezala. Ena amatenga buku la masamu n'kukalibisa pakati pa mabuku a chipembedzo kuti mawa alipeze okha. Amene amachita zimenezi sabera boma ayi, amabera mayi ngati ine amene ali ndi mphindi 40 zokha, ndiponso mwana wa ku Mtandire kapena ku Chinsapo amene wayenda wapansi kapena wadya ndalama ya minibasi kuti adzaone tsamba lomwelo. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mabuku m'masitolo inakwera moti ambiri a ife sitingayerekeze n'komwe. Buku limodzi la pa shelefu likuimira mabanja ambirimbiri. Koperani ndi dzanja, ndiponso kukopera ndi dzanjako n'kumene kumalowetsa zinthu m'mutu. Ine njira imene inandithandiza inali kuwerenga ndime, kutseka buku, kulemba zimene ndakumbuka m'mawu anga, kenako kutsegulanso kuti ndione zimene ndasiya.

Mayeso akayandikira mipando imadzaza msanga, chifukwa ana a sukulu ndi a m'makoleji onse amathamangira komweko. Fikani m'mawa. Idyani kaye kunyumba, poti mkati simudyedwa, ndipo foni muitseke pakamwa musanalowe. Mukatenge juzi miyezi ya June ndi July, chifukwa kukhala malo amodzi maola atatu kuzizira kwa Lilongwe kumalowa m'mafupa.

Ndinalemba MSCE mu 2023 ndili ndi zaka 33, m'chipinda chimodzi ndi ana oti ndikanatha kuwabereka kumbuyo. Zotsatira zitatuluka ndinapeza mapointi 31. Chichewa 3, Agriculture 4, Geography 5, Biology 6, Chingerezi 6, masamu 7. Si mapointi opita nawo ku yunivesite, ndipo sindikufuna kunamiza munthu kuti moyo wanga unasintha tsiku limodzi. Tikukhalabe ku Kauma m'zipinda ziwiri zomwe zija, ndipo m'mawa ndimakolopabe. Koma malo a ku mafayilo aja atapezekanso, mayi a mu ofesi aja anandinenerera, ndipo tsopano kuyambira 10 koloko ndimakhala ku mafayilo. Tsiku loyamba nditaona mmene anawasanjira, manambala pamsana, magulu ndi timagulu take, ndinazindikira kuti ntchitoyi ndinaiphunzira kale pakati pa mashelefu. Satifiketi nditaitenga ndinapita nayo kaye pa kauntala paja ndisanapite nayo kunyumba. Mayi a magalasi anaigwira ndi manja awiri, anaiwerenga mzere ndi mzere, n'kundifunsa kuti, “Ndiye pano tikupatseni la chiyani?”

Limene lili m'jumbo mwanga panopa ndi la pa 657, la kasungidwe ka mabuku a ndalama. Ndafika pa mutu wa trial balance, pomwe mbali ziwiri za ndalama zimayenera kufanana, ndipo mbali ziwirizo zikusiyana ndi K400 imene ndaifufuza masiku atatu osaipeza. Tsiku lobweza ndi Lachinayi, ndiye ndikapempha kuti andiwonjezere masiku, kuti Loweruka ndikamuonetse mnyamata uja pamthunzi.